Anasingano Ayamba Kuyendayenda

Masitepe okwera ku shopu ya Anasingano analipo khumi ndi asanu ndi anayi. Kwa zaka zoposa makumi awiri mayiwa sanawawerengepo, chifukwa munthu wa miyendo yabwino amangokwera akuganiza zina. Anayamba kuwawerenga chaka chimene bondo lawo lakumanja linayamba mwano.

Dzina loti Anasingano anawapatsa ndi makasitomala. Anali telala, ndipo nthawi zambiri ankalankhula ataluma singano kapena mapini, moti ana ena anakula akuganiza kuti ndi mmene mayiwa anabadwira. Shopu yawo inali kachipinda kamodzi pamwamba pa sitolo ya penti ndi misomali. Munali zenera limodzi, tebulo lodulirapo nsalu, simbi, galasi lalitali long'aluka pakona, ndi makina osokera akuda opalasa ndi mapazi. Makinawo anawagulira ndi malemu amuna awo. Bambowo atamwalira, ndi makina omwewo amene analera mwana wawo mmodzi yekhayo mpaka kukhala mphunzitsi. Mayunifolomu a sukulu, madiresi, mathalauza ofuna kupinda, mazipi akufa, zonse zinkakwera masitepe amenewo n'kutsika zili bwino.

Bondolo linayamba ndi kulira chabe. Podzuka m'mawa linkachita phokoso, iwo n'kumaliseka. Kenako linayamba kukana kupinda, kenako linatupa. Tsiku lina, ali ndi thumba la nsalu m'manja, anakhala pansi pa sitepe ya khumi ndi chiwiri, kukwera ayi, kutsika ayi. Mwini sitolo yapansi ndiye anaimbira foni mwana wawo.

Mwanayo iwo ankamutchula kuti Chisamba, ngakhale kuti analinso mzime, poti sanabadwenso wina. Anthu akunja ankati Aphunzitsi. Anali munthu wachikondi, koma chikondi chake chinali cha m'kalasi: amakuuza chochita n'kuima pomwepo mpaka uchite. Anafika ndi takisi, anatsitsa amayi ake mothandizana ndi mwini sitolo, anakhoma shopu, kiyi n'kuponya m'chikwama chake. Kuchipatala anajambula bondolo. Adokotala anati ndi nyamakazi, kuti choterera chimene chimakhala pakati pa mafupa chayamba kuperepeseka. Anapereka mapilitsi ndi mankhwala opaka, n'kunena kuti, "Apume masiku angapo mpaka kutupaku kuphwe."

Pa mawu onsewo Chisamba anatolapo limodzi lokha: apume. Zoti masiku angapo zija zinatsala pa benchi ya chipatala.

Anawasamutsira kunyumba kwake. Anawakonzera sofa pafupi ndi zenera, pilo kunsi kwa bondo, tiyi m'fulasiki, madzi m'botolo, wailesi pafupi ndi dzanja. Pakhoma anamatapo pepala la nthawi zomwera mankhwala, lolembedwa ndi inki yofiira imene amachongera mayeso. M'mawa uliwonse, atanyamula kale chikwama, ankatembenuka pakhomo n'kunena kuti, "Amayi, musadzuke. Kubafa kokha." Masiku angapo aja anasanduka miyezi iwiri.

Kutupa kunaphwadi, koma Anasingano sanapeze bwino. Ntchafu yakumanja inayamba kufota. Iwo anali telala, sankafunika kuuzidwa ndi munthu: anatenga tepi yawo n'kudziyeza, ndipo anapeza kuti mwendo wakumanja wachepa poyerekeza ndi unzake, pomwe m'chiuno mukuwonjezeka. Kudzuka pa sofa kunkafuna manja onse awiri ndi kubuula. Bondo lakumanzere, limene silinalakwirepo munthu, nalo linayamba kudandaula. Anachita mantha, mantha enieni, chifukwa zimenezi anali ataziwonapo.

Amayi awo owabereka anatha chimodzimodzi. Anayamba ndi bondo, anakhala pampando, mpandowo unawabweretsera bedi, ndipo pabedipo anakhalapo zaka zitatu. Anasingano ndiwo ankawatembenuza, kuwasambitsa ndi kuwachapira. Chisamba nthawi imeneyo anali mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu, ndipo ndiye ankagwira kumiyendo. Tsopano Anasingano akayang'ana mapazi awo ali tambalale pa sofa ankawona mapazi a amayi awo, zala zomwezo, kutuwa komweko. Ankafulumira kuwafunditsa nsalu.

Tsiku lina Chisamba anabwera kuntchito ndi nkhani, ndipo anaikamba akupukuta matambula, osayang'ana amayi ake.

"Mwini nyumba ija waimba. Akuti pali mayi wina woluka tsitsi akufuna chipinda chija. Ndawauza kuti kumapeto kwa mwezi wa mawa tikachotsamo katundu."

"Katundu wake uti?"

"Tebulo, galasi, makina. Makinawo pali munthu akuwafuna."

"Makina anga?"

"Amayi, mwasoka zakwana. Masitepe aja simudzakweranso, ndipo kupalasa kuja ndi kumene kwakupwetekani. Mupume. Ine ndilipo."

Anasingano anali ndi mawu ambiri, koma munthu amene akuchita kumubweretsera madzi osamba satsutsa mokweza. Makina amenewo akatsika masitepe, iwo ankadziwa kuti sofayo ndiyo idzakhale shopu yawo yomaliza, ndipo pambuyo pa sofa pamabwera chiyani ankadziwanso.

Sabata yotsatira linali tsiku lobwerera kuchipatala. Chisamba anali ndi mayeso oyang'anira, choncho anawakweza takisi ya munthu womudziwa. Ulendo uno achipatala anawatumiza ku chipinda cha mafizo, cholimbitsiramo thupi la odwala, kumene kunali njinga yosayenda, mabedi aafupi ndi zingwe za mphira. Anawalandira ndi mtsikana wamng'ono thupi, wovala nsapato zothamangira, amene Anasingano anamuyang'ana n'kuganiza kuti ameneyu yunifolomu yake ya sekondale ikadamukwanabe. Mtsikanayo anapinda bondo, analiwongola, anatsina ntchafu, kenako anawauza kuti adzuke pampando osagwira. Analephera.

"Mayi, pa tsiku mumayenda mtunda wautali bwanji?"

"Kuchokera pa sofa kukafika kubafa."

"Kuyambira liti?"

"Miyezi iwiri."

Mtsikanayo anagwira pakamwa. "Ndiye ndikupemphani chinthu chimodzi. Muyambe kuyendayenda."

Anasingano anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Mwanawe, ine ndine mkazi wamasiye zaka khumi ndi zinayi. Sindinayendeyendepo ndili ndi mano onse, ndiye ndiyambe lero?"

Mtsikanayo anaseka mpaka kugwira bedi. Bambo wina amene ankapalasa njinga yosayenda ija naye anatsokomola ndi phwete. Atapuma, mtsikanayo anafunsa ntchito yawo, ndipo atamva kuti ndi telala anati, "Ndiye mundiuze inuyo. Makina mukawathira mafuta n'kuwasiya osawapalasa, mafutawo amafika mkati?"

"Safika. Amangokhala pamene wadontheza."

"Bondonso lili ndi mafuta ake, ndipo amayenderera pokhapokha bondolo likamayenda. Chinanso, nyama ya ntchafu iyi ndiyo imanyamula bondo. Ikafooka, katundu yense amatsikira pa mafupa, ululu n'kuwonjezeka. Kupuma kunali koyenera pamene munatupa paja. Panopa kukukudyani."

Anawafotokozera bwinobwino. Ayambe pang'ono, mphindi zisanu kapena khumi, pamalo osalala, atavala nsapato zogwira phazi, ndodo ili kudzanja lamanzere. Aziwonjezera pang'onopang'ono sabata iliyonse. Kuwawa pang'ono asakuope, bola kukhale kutazizira pofika m'mawa mwake. Koma bondo likatupa n'kutentha, kapena ululu ukakhala wobaya, apume tsiku limodzi kapena awiri n'kuchepetsa mtunda, ndipo zikapitirira abwere. "Sindikukunamizani kuti bondoli libwerera utsikana," anatero. "Koma likhoza kukunyamulaninso." Zonsezo anazilemba pa pepala.

Madzulo ake Anasingano anapereka pepalalo kwa Chisamba. Iye analiwerenga ngati mmene amawerengera kalata ya mwana wojomba.

"Adokotala aakulu anati mupume. Ndiye kamtsikana kongotuluka kumene kusukulu kakuuzeni kuti muzipita kumsewu? Mukagwa adzakutolani ndi iyeyo? Ayi amayi, nkhani imeneyi ithere pano." Pepalalo analipinda n'kuliika pamwamba pa kabati, pamene munthu wa bondo limodzi sangafike.

M'mawa mwake, geti litangotsekeka, Anasingano anakhala nthawi yaitali akuyang'ana chitseko. Ankaopa mbali zonse. Akakhala, ankaona bedi la amayi awo. Akatuluka, ankadziona ali gada mumsewu, anthu atawazungulira, wina akuimbira foni Chisamba ali m'kalasi. Pamapeto pake anakwawira kuchipinda, anatulutsa nsapato zakale zamasewera za mwana wawo kunsi kwa bedi, anazivala, anatenga ndodo, n'kutuluka.

Msewu wa kumeneko unali ndi mapolo a magetsi, ndipo iwo anaganiza zowerenga amenewo. Tsiku loyamba anafika pa polo yoyamba, anaigwira, n'kubwerera thukuta lili kamukamu. Anapukuta nsapatozo ndi kansalu konyowa, anazibwezera pamalo pake, ndipo Chisamba pobwera anawapeza ali pa sofa, mwendo pa pilo, wailesi ikulira.

"Mwaswera bwanji amayi? Simunadzuke?"

"Kubafa kokha."

Anali asananamizepo mwana wawo, ndipo bodzalo linawawawa kuposa bondo.

Tsiku lachinayi anachita changu, anafika pa polo yachitatu, ndipo bondo linawabwezera. Linatupa pang'ono n'kufunda. Analibisa kunsi kwa diresi lalitali, ndipo Chisamba akamadutsa pafupi ankagwira mpweya. Mumtima ankati mwina mwanayu akunena zoona, mwina ndikudzipha ndekha, ndipo ndikalumala ndi manja anga ndidzamuyang'ana ndi nkhope yanji? Anakumbukira mawu a mtsikana wa mafizo uja, anapuma masiku awiri. Kutupako kunaphwa. Anayambiranso pa polo yachiwiri.

Sabata yachiwiri ndi pamene anakumana ndi Amesenjala. Anali bambo wadazi, wamtali, wa ndodo yachitsulo, amene ankadutsa nthawi yomweyo tsiku lililonse atapisira malaya ngati akupita kuntchito. Anaima n'kuwayang'ana mmene ankaponyera mwendo.

"Bondo?"

"Bondo."

"Limodzi?"

"Limodzi ndi theka."

"Ndinu olemera, mayi. Ine onse awiri." Anafotokoza kuti anagwira ntchito ya umesenjala zaka makumi atatu, kunyamula makalata kuchokera ofesi iyi kupita ofesi iyo. "Nditapuma pantchito ndinalumbira kuti sindidzayendanso. Ndinagula mpando wa ndalema. Patatha chaka mpando uja unatsala pang'ono kundimeza. Lero ndi zaka ziwiri ndikuyenda, opanda kalata m'manja, opanda wondituma."

Ndiye amene anawalangiza kuti asiye msewu wa mapolo chifukwa uli ndi kachitunda kosaoneka ndi maso, koma bondo limakamva. Anawasonyeza njira ya kuseri kwa bwalo la mpira, yosalala, yokhala ndi mthunzi, ndi kakhoma kakafupi kopumirapo. Anawauza kuti asamatambasule mwendo kwambiri, aziponda mafupifupi, komanso asamayang'ane pansi nthawi zonse ngati ataya singano. Kuyambira pamenepo ankakumana pakona n'kuyendera limodzi, ndodo ziwiri zikugogoda, iwo akukangana za nyimbo zakale ndi za ana a masiku ano.

Kusintha kunabwera mwakachetechete. Sabata yachitatu Anasingano anazindikira kuti adzuka pa sofa ndi dzanja limodzi. M'mawa bondo linkaumabe, koma likangoyenda mphindi zochepa linkamasuka, pamene kale linkauma mpaka masana. Tulo tinabwerera, njala inabwerera. Sabata yachinayi anazungulira bwalo lonse la mpira, ndipo mapilitsi a masana anawaiwala osamva kanthu. Anadziyezanso ndi tepi. Ntchafu inali isanafanane ndi inzake, koma inali italimbako. Anayamba kuyesa pa sitepe ya pakhonde, kukwera ndi kutsika, kukwera ndi kutsika, akuwerenga mpaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Koma sitepe imodzi kuibwereza si masitepe enieni, ndipo iwo ankadziwa. Mwezi unali kutha.

Chimene sanachiwerengere ndi mayi a kuseri kwa mpanda, ogulitsa mazira, amene maso awo sankapuma ngakhale tsiku la tchuthi. Loweruka lomaliza la mwezi, tsiku lomwe galimoto inkayenera kukatsitsa makina, Chisamba anapita kukagula mazira. Anachedwako. Pobwera analowa m'nyumba opanda mazira, anatseka chitseko, anazimitsa wailesi, n'kuima kutsogolo kwa sofa manja ali m'chiuno.

"Amayi, ndifunse, ndipo mundiyankhe zoona. Ndamva kuti mwayamba kuyendayenda."

Anasingano anaganiza zokana, koma anali atatopa ndi bodza. "Ee, mwana wanga. N'zoona."

"Mukuvomera?"

"Ndikuvomera. Masabata asanu tsopano."

"Masabata asanu! M'nyumba mwanga muno?"

"Ayi, panja. Kuseri kwa bwalo la mpira."

Chisamba anakhala pansi mwadzidzidzi pa kampando ka tebulo. "Kuseri kwa bwalo! Masanasana! Amayi, ana anga a sukulu amadutsa kumeneko. Ndiye bambo wadaziyo ndi ndani?"

"Amesenjala? Ndi munthu wabwino. Iwo anayamba kale, zaka ziwiri. Ndiwo andiphunzitsa zambiri. Ndipo ndikuuze mwana wanga, chiyambireni thupi langa lamasuka. Ndikugona tulo tabwino."

"Amayi!"

Ndi kufuula kumeneko kumene kunawatsegula mutu. Anayang'ana nkhope ya mwana wawo, anakumbukira chipinda cha mafizo ndi bambo wotsokomola pa njinga uja, ndipo ngakhale anali ndi mantha anaphulika kuseka. "Iwe, mutu wako! Kuyenda kwa miyendo! Kwa ndodo! Nsapato zako zili kunsi kwa bedi, kaziwone zidendene."

Chisamba anadzuka, anapita kuchipinda, anabwera ndi nsapatozo m'manja akuziyang'ana kunsi. Anasingano ankayembekezera kuti mwina naye aseka. Sanaseke.

"Bola akanakhala mwamuna," anatero motsitsa mawu.

"Wati chiyani?"

"Ndati bola akanakhala mwamuna! Ndikanachita manyazi sabata imodzi n'kuzolowera. Koma inu mwakhala mukutuluka nokha, ndi bondo limenelo, ine ndili m'kalasi osadziwa kanthu? Mukanagwera mu ngalande? Mwaiwala agogo? Anadzuka okha kupita kubafa, ine ndinawapeza ali pansi. Ndine ndinawapeza, amayi, inu munali ku shopu. Ndinalephera kuwadzutsa. Mpaka lero foni ikalira ndili kuntchito ndimaona ngati ndi zomwezo."

Analira atagwira nsapato zija pachifuwa, mayi wamkulu woopedwa ndi kalasi yonse. Anasingano anamva chisoni chachikulu, chifukwa zaka zonsezi ankaganiza kuti mantha amenewa ndi awo okha.

"Bwera ukhale apa," anatero. Chisamba anakhala. "Iwe ukukumbuka tsiku limene agogo ako anagwa. Ine ndikukumbuka chaka chimene chinapita asanagwe. Ndinawakhazika pampando ndine. Ndinkati, amayi musadzuke, ndikubweretserani. Madzi ndinkawabweretsera, chakudya ndinkawabweretsera, mpaka miyendo inaiwala ntchito yake. Tsiku limene anadzuka okha analibenso chowanyamula. Sindikunena kuti ndikudziwa zonse za matenda awo. Koma zimene ukundichitira iwezi ndinawachitira ine, ndi mtima womwewu, ndipo ndinaona kumene zinathera."

Panja galimoto inaliza hutala. Anali anthu aja a makina, abwera kudzatenga kiyi.

"Ndipita nawo," anatero Anasingano. "Ndikalephera kukwera masitepe aja, makina atsike, sindidzatchulanso. Koma undilole ndiyese."

"Mukagwa?"

"Ukhala kumbuyo kwanga."

M'galimoto Anasingano anakhala kutsogolo, ndodo pakati pa miyendo, nsapato zamasewera kumapazi. Atafika, mwini sitolo ya penti anatuluka n'kuwomba m'manja kuti, "Anasingano! Tinkati mwatitaya!" Iwo anangomwetulira ndi mano okha. Maso awo anali pa masitepe. Anali omwe aja, asimenti, otsetsereka pang'ono pakati chifukwa chopondedwa, ndi chitsulo chogwirira chothothoka penti. Koma ankaoneka ngati awonjezerapo ena.

Anagwira chitsulo. Mwendo wabwino patsogolo, wodwala n'kutsatira, monga anawauzira mtsikana uja. Imodzi. Ziwiri. Kumbuyo ankamva kupuma kwa Chisamba, pafupi kwambiri moti mpweya wake unkawafika pakhosi. Pa yachisanu ndi chiwiri bondo linayamba kutentha. Pa yakhumi ntchafu inayamba kunjenjemera yokha. Anafika pa ya khumi ndi chiwiri, yomwe ija anakhalapo ndi thumba la nsalu, ndipo miyendo inaima.

Anamva manja a mwana wawo akukhudza m'chiuno.

"Usandigwire."

"Amayi, mukunjenjemera."

"Ndikudziwa. Ndikuopa, mwana wanga, ndikuopa kwambiri. Koma usandigwire. Ungokhala pomwepo."

Manjawo anachoka pang'onopang'ono. Anasingano anapuma katatu, ngati mmene ankachitira pa kakhoma ka kubwalo la mpira. Pansi anthu a galimoto anali atasiya kucheza. Anakweza mwendo wamanzere, anakankha, ndipo wakumanja unatsatira. Khumi ndi zitatu. Zotsalazo sanaziwerenge bwino, ankangoona chitseko chobiriwira chikuyandikira, loko ali lende. Atafika pamwamba anatsamira khoma, mtima ukugunda ngati ufuna kutuluka, bondo likuwawa ndithu, koma ali chilili.

Chisamba anafufuza m'chikwama nthawi yaitali kuposa mmene kiyi amafunira. Anatsegula.

M'chipindamo munkanunkha fumbi ndi nsalu. Diresi la kasitomala wina linali likadali pa hang'ala, mapini ali m'mphepete. Anasingano anachotsa nsalu yofunditsa makina, anakhala pa mpando wawo, anaika mapazi pa chopondera, n'kukankha. Makina anakana. Anayesa kupukusa wilo ndi dzanja, wilo linangosuntha pang'ono n'kuuma.

"Afa," anatero Chisamba. "Mwina ndi dzimbiri."

"Sanafe. Angokhalitsa."

Anatsegula kadirowa, anatenga kabotolo ka mafuta, anadontheza m'mabowo onse amene ankawadziwa ngakhale atatsinzina. Kenako anagwira wilo n'kuyamba kuligwedeza, patsogolo pang'ono, pambuyo pang'ono, osalikakamiza. Linkalira. Anapitiriza. Chisamba anaima pambali akuyang'ana dzanja la amayi ake. Patapita nthawi wilo linazungulira kamodzi, kenako kawiri, lamba anagwira, ndipo Anasingano anaika phazi lamanzere patsogolo kuti lizichita ntchito yaikulu, lakumanja likungothandizira. Singano inayamba kukwera ndi kutsika. Anatola kachidutswa ka nsalu pansi n'kusoka mzere umodzi wowongoka.

Pansi hutala inaliranso. Mmodzi wa anthu aja anafuula kuti, "Aphunzitsi, tikwere?"

Chisamba anapita pazenera. Anaima pamenepo kanthawi, msana uli kwa amayi ake, ndipo Anasingano anasiya kupalasa. Sankadziwa chimene mwanayo anene. Kukwera anakwera, koma onse awiri anaona mmene miyendo inanjenjemerera.

"Pepani abambo," anatero Chisamba. "Makinawa sakutsika. Ndikupezani pansipo tikambirane za ulendo wanu."

Anabwerera, anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, n'kuika kiyi pa tebulo la makina, pafupi ndi sizasi. Kenako uphunzitsi unamubwerera. "Koma theka la tsiku lokha. Ndipo Lolemba tipite limodzi kwa mtsikana wanu wa mafizoyo, ndikamve ndekha, ndikamufunsenso za kupalasaku. Komanso Amesenjala anuwo ndiwaone."

"Uwaona. Ali ndi akazi awo, usade nkhawa."

Anaseka onse awiri, kuseka kwa anthu amene angolira kumene. Atatseka zenera ndi kufunditsa makina, anatuluka, ndipo Anasingano anakhoma okha chitseko, kiyi n'kumangirira pakona pa mpango wawo. Atatembenuka anaona masitepe aja kuchokera pamwamba, onse khumi ndi asanu ndi anayi, ndipo kuseka kunawathera. Mtsikana wa mafizo anali atawachenjeza kuti bondo limadana ndi kutsika kuposa kukwera.

"Ndikuopanso," anatero.

"Inenso," anatero Chisamba. Anapachika chikwama paphewa, anawadutsa, anatsika masitepe awiri, n'kutembenuka kuwayang'ana. Manja ake anawasiya m'mbali, ngakhale zala zinkachita kufuna kutambasuka zokha. "Sindikugwirani. Koma potsika ndikhala kutsogolo. Tiyeni, amayi."